A Nasibeko ndi njinga ya ku Joni

Ulendo umenewu sindinaupemphe, anachita kundikankhira. Zaka zimenezo, za chipani chimodzi zija, ndinali mlangizi wa amayi pa boma la Mwanza. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo ntchito yanga inali kuphunzitsa kusoka ndi kuphika phala la ana. Za njinga sindinkadziwa kanthu, ngakhale kupalasa kwenikweniko. Koma pa mpikisano wa njinga wa boma lathu chaka chimenecho anapambana mayi, ndipo wopambana ankayenera kukapikisana ndi a maboma ena ku Blantyre. Akuluakulu anati mkazi wa mwini sangayende ndi amuna okhaokha. Atayang'ana uku ndi uku, maso onse anathera pa ine.

Mayiyo anali a Nasibeko a kwa Kanduku, munthu wamfupi, wosalankhulalankhula. Amuna awo, a Layisoni, anapita kumigodi ku Joni, nabwerako ndi njinga yakuda yolemera ndiponso mwendo wophwanyika umene sunapindikenso. Njinga inakhala pakhonde, manachesi akuwolera m'munda, mpaka bamboyo anawaphunzitsa akazi awo kupalasa, iye ataima ndi ndodo n'kumakuwa. Kuyambira pamenepo a Nasibeko ndiwo ankatsika ndi madengu a manachesi kukagulitsa kumalire kwa madalaivala a malole, n'kukweranso mapiri aja madzulo, mchere ndi palafini zili pakaliyala. Tsiku la mpikisano anangobwera kumsika monga mwa nthawi zonse, namva akulengeza kuti aliyense wa njinga akhoza kulowa. Anatsitsa madengu, kuwasiyira mnzawo, n'kukawasiya amuna onse m'fumbi.

Lachisanu m'mawa ndinafika pasiteji ya basi ndikunyinyirika. Ndinapeza a Chimwaza, kalaliki amene ankayang'anira zamasewera, atafika kale, tayi pakhosi, kabuku ka malamulo a mpikisano kali m'thumba la malaya. Munthu ameneyu sankaseweretsa lamulo. Ukamupempha pensulo ya boma ankayamba wafunsa kuti ukalembera chiyani. Panalinso a Dafuleni, mesenjala wa pa ofesi, amene anakhala wachiwiri pa mpikisano uja, ndipo nawonso anapatsidwa malo oti akapikisane. Nkhope yawo inali idakali yolemera, poti anzawo sanaleke kuwafunsa ngati fumbi la mayi limakoma.

Kenaka tinamva belu. Anali a Nasibeko akutsika mumsewu wa kwa Kanduku, amuna awo atakhala pakaliyala, mwendo woumawo utatambasukira kumbali, ndodo ili pamiyendo. Njinga inali itapukutidwa mpaka masipoko ankanyezimira.

"Ine ndikhala kwa alamu anga pa boma pompano mpaka mubwere," anatero a Layisoni atatipatsa moni. "Amene wandibweretsa ndi yemweyo adzanditenge. Alangizi, ku Joni ndinkaonerera mipikisano imeneyi, anthu atavala nambala kumsana. Sindinalotepo kuti wa panyumba panga adzavala nambala. Mukaonetsetse kuti awaveka."

Ndinalonjeza mosavuta, ngati kuti nambalazo ndimasoka ndine.

Basi ankati ibwera dzuwa lisanakwere. Dzuwa linakwera, mthunzi wa mtengo wa pasiteji unachoka pamene tinakhala, tinasamuka nawo, basi osaoneka. Tinadya manachesi a a Nasibeko mpaka zala zinkamatana. A Chimwaza ankangotembenuza masamba a kabuku kawo. Mwadzidzidzi anandikodola n'kundionetsa mzere wina ndi chala.

"Apa akuti wopalasa aliyense avale kabudula, kuti nsalu isakodwe mu tcheni," anatero motsitsa mawu.

"Nanga mayiwa?"

"Lamulo la dziko likuti mkazi asavale thalauza kapena kuonetsa mawondo. Lamulo la dziko ndi lalikulu kuposa la mpikisano. Akuluakulu a ku Blantyre ndi anthu ophunzira, akamvetsa."

Anatseka kabukuko, koma ndinaona kuti chala chinatsalira pa tsamba lomwelo.

Basi inafika masana, yodzaza kale ndi anthu ochokera kumalire. Kondakitala anati njinga iliyonse ilipire theka la mtengo wa munthu, a Chimwaza nati salipira popanda lisiti, ndipo anakangana mpaka dalaivala anaimba hutala. Njinga zitakwera padenga, munthu wina anafuna kusanjikiza thumba la makala pamwamba pa ya a Nasibeko. A Layisoni anakweza ndodo m'mwamba. "Masipoko inu! Imeneyo ikupita kukapikisana, si nkhuni!" Anthu anaseka, thumba linasunthidwa, ndipo a Nasibeko anaponya m'mwamba mphira zawo zodula ku chubu chakale kuti amangire njinga ndi zomwezo.

Sitinapite patali. Titangotuluka pa boma tinapeza mtengo utapingasa pamsewu pamwamba pa migolo iwiri, anyamata a chipani ataima pamenepo. Tonse tinatsika kukaonetsa makadi. Makadi analipo, koma maso awo anagwera pa mtsikana wina wa sekondale amene diresi lake linkalekeza pamwamba pang'ono pa mawondo. Anati basi sichoka mpaka mawondowo abisike. Mtsikanayo anayamba kulira. Ine ndinatulutsa kalumo m'chikwama changa, ndinagwada pansi n'kumasula mpendero wonse wa diresilo, ulusi ukulendewera. Mtima unkandiwira, koma masiku amenewo mtima unkawirira m'kati, pakamwa pali tseke. Anyamatawo anayang'anitsitsa, nagwedeza mitu, mtengo unakwezedwa. Pokwera basi a Chimwaza anapewa kundiyang'ana.

Msewu wa nthawi imeneyo sunali uno wa phula wodzera ku Zalewa. Unali wafumbi, wodutsa pa Mpatamanga n'kukatulukira ku Chileka. Basi inkayenda ikulira, ikuima paliponse pamene munthu wakweza mkono. Ndinakhala mpando umodzi ndi a Nasibeko, ndipo kutsogolo kwathu kunali mayi wina wa kwa Nthache amene ankapita ndi khanda lodwala kuchipatala chachikulu. Mwanayo ankangobuula, thupi lili moto. Ndinayesa kuwacheza a Nasibeko kuti ndimve ngati akuopa za mawa.

"Kuopa chiyani, alangizi? Akuti kulibe madengu. Ndiye kungopalasa basi?"

"Kungopalasa."

"Ndiye ndi tchuthi chimenecho," anatero, n'kuyang'ananso pawindo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Titayamba kutsetsereka kulowera kuchigwa cha Shire, kumene mphepo yake imatentha ngati ya pamoto, panamveka kuphulika kutsogolo ndipo nthunzi inakwera. Paipi ya madzi a injini inali itang'ambika, madzi onse n'kutayikira mumsewu. Tinatsika n'kukhala pansi pa mitengo yopanda masamba. Dalaivala anagona pansi pa basi, kutuluka, kutukwana, kugonanso. Anati paipi akhoza kuimanga atapeza chomangira, koma madzi ali kumtsinje, ndipo mtsinje uli kutali kumunsi. Tidikire lole ina idutse.

Tinadikira. Nkhuku za m'basi zinayasamula kukamwa. Bambo wina anayamba kugulitsa nzimbe zimene ankapita nazo kwa mwana wake. Lole sinadutse. Khanda lija linasiya ngakhale kubuula, mayi ake akulikupiza ndi mpango, maso ali kumsewu.

A Nasibeko anaimirira. Anapempha kondakitala atsitse njinga yawo, mphira zija anapatsa dalaivala kuti amangire paipi, n'kutenga zitini ziwiri zazikulu za palafini zopanda kanthu zimene wamalonda wina anali nazo.

A Chimwaza anadumpha. "Mayi, njinga imeneyo yayesedwa kale pa boma. Ikakathyoka kumeneko, ine ndikayankha chiyani? Ndiponso gulu la boma limayenda pamodzi, zalembedwa."

"Pepani bambo," anayankha mothyola bondo, "koma mwana uyo sadikira buku."

Wina anafunsa a Dafuleni ngati sangapite ndiwo, poti ndi mwamuna. Iwo anati akusunga miyendo ya mawa.

Apa m'pamene ndinaona kwa nthawi yoyamba mmene a Nasibeko ankavalira akamapalasa, ndipo ine wodziwa singano ndinachita chidwi. Anamasula chitenje, kuchikulunga mothina pamwamba pa diresi lawo lalitali, nsonga ya kumbuyo kuidutsitsa pakati n'kuimanga kutsogolo ndi mapini awiri. Mawondo anabisika bwinobwino, koma panalibe kansalu kamene kakanafika pa tcheni. Anaponda chopalasira, kuwoloketsa mwendo, n'kuzimirira pokhota msewu.

Pobwera tonse tinali titaima mumsewu. Tinawaona kutali, kanthu kakang'ono kakuda kakukwera chitunda chimene ine sindikanachimaliza ngakhale wapansi. Zitini zodzaza zinali mbali iyi ndi iyi, madzi akudontha m'fumbi. Sanatsike kuti akankhe. Anaimirira pa zopalasira, njinga ikupendamira uku ndi uku, mutu uli pansi. Amayi anayamba nthungululu, amuna kuwomba m'manja, ndipo ndinazindikira kuti amene akukuwa kwambiri ndine. Madzi oyamba anapatsa mayi wa khanda kuti alipukute thupi, otsalawo anathira mu injini. Dalaivala anati sanakwane. A Nasibeko anabwereranso kumtsinje kachiwiri.

Basi italira, bambo wa nzimbe anawapatsa a Nasibeko yonse imene inatsala, osalandira kanthu. A Dafuleni anawasiyira mpando wa pawindo. A Chimwaza anaigwiragwira njinga ija, kuzunguza matayala, kufinya mabuleki, kenaka n'kunena kuti, "Ili bwino," ngati wina anawafunsa.

Tinawoloka mlatho wa Mpatamanga madzi akukokoma pansi, tinakwera mapiri a tsidya linalo pang'onopang'ono, ndipo pa Chileka matayala anagunda phula. Mu Blantyre tinalowa dzuwa litalowa. Dalaivala anapatuka dala kukatsitsa mayi wa khanda pachipata cha chipatala. Ine ndi a Nasibeko tinakagona kwa msuweni wanga ku Chilomoni, njinga inagona m'nyumba momwemo.

Loweruka m'mawa tinapeza poyambira mpikisano pali chisakasa cha alendo olemekezeka ndi tebulo lolembetsera. Mpikisano unali wochoka pamenepo kukafika ku Chileka n'kubwerera. Ena anali ndi njinga za matayala oonda ngati chala, zimene munthu angainyamule ndi dzanja limodzi. Kalaliki wa patebulo anapatsa a Chimwaza nsalu ziwiri za nambala za boma la Mwanza. Ndinali nditatulutsa kale mapini pamene anafika mkulu wa mpikisano, bambo wa jekete, wezulo ili pakhosi.

"Awa ndani?"

"Opambana a ku Mwanza, bwana," anayankha a Chimwaza.

Mkuluyo anawayang'ana a Nasibeko kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Sole, madamu. Popanda kabudula palibe kupalasa. Nsalu ikakodwa mu tcheni mugwetsa anthu."

Ndinawauza kuti ayang'ane okha mmene chitenjecho chamangidwira, ndinawasimbira za dzulo pa Mpatamanga. Anati za dzulo sizili m'buku. Apo a Dafuleni, amene sindinkawayembekezera, anatsegula chikwama chawo.

"Ndili naye kabudula wina, bwana. Avale ameneyu."

"Ndipatseni," anatero a Nasibeko, atatambasula dzanja.

Mkulu uja anachita ngati waponda moto. "Mkazi avale kabudula pamsewu wa boma? Pamaso pa alendo awo? Mukufuna ndikagone kuti ine lero?"

"Nanga atsikana a ntchemberembaye savala zazifupi?" ndinafunsa.

"Amenewo amasewera m'bwalo, kuseri kwa mpanda. Uwu ndi msewu."

"Ndiye avale chiyani? Chitenje mwakana, kabudula mwakana. Avale thumba la makala?"

A Chimwaza anandigwira mkono, chifukwa mawu anga anali atafika kuchisakasa. Kenaka anachita zimene ndimawalemekezera mpaka lero. Anatsegula kabuku kawo n'kuwerenga mokweza mzere wonena kuti wopambana wa boma lililonse ali ndi malo ake pa mpikisano. Anati mzerewo sukunena za mwamuna kapena mkazi. Anati iwo anatumidwa kubweretsa wopambana, ndipo wopambana ndi ameneyu. Munthu woopa akuluakulu chotere, anaima nji pamaso pa bwana.

"Lembani kalata ku komiti," anatero mkuluyo akuyang'ana wotchi. "Ikumana mwezi wamawa."

Misozi ya mkwiyo inandilengeza m'maso. Ndinakumbukira a Layisoni ndi lonjezo langa lotsika mtengo lija. Koma a Nasibeko sanasinthe nkhope. Anayandikira, kuthyola bondo, n'kufunsa mofatsa.

"Bwana, kodi msewu wa ku Chilekawu mwautseka?"

"Ayi, msewu ndi wa aliyense. Kungoti musakhale kutsogolo opalasa akamanyamuka."

"Zikomo. Ndiye ine ndizipita kwathu. Ndinasiya bambo akundidikira."

Anamanga kamtolo kawo pakaliyala, pamodzi ndi buledi amene anagulira amuna awo ndi nzimbe ija. Anaima m'mbali mwa msewu pakati pa oonerera. Wezulo inalira, gulu lonse linanyamuka, anthu akukuwa. Iwo anadikira mpaka womaliza atapita, anatitsanzika mwaulemu wonse, kumanga mapini awo, n'kukwera.

Panali lole yotsata pambuyo yotola otopa ndi ogwa. Sindikumbukira kuti ndinapempha ndani, ndinangopezeka ndili pamwamba pake, a Chimwaza ali pambali panga atagwira chipewa.

Wopalasa woyamba a Nasibeko anamupeza tisanatuluke m'tauni. Anamuimbira belu, monga amachitira munthu waulemu akafuna kudutsa, n'kudutsa. Wachiwiri chimodzimodzi. Kenaka kagulu konse kamene kanali katayamba kupuma movutikira pachitunda. Aliyense belu lake. Anthu a m'mbali mwa msewu poyamba ankaseka poona mayi wa kamtolo pakati pa amuna a nambala, koma akaona mmene akupitira, kuseka kunkasanduka nthungululu. A Dafuleni anatiuza pambuyo pake kuti atamva belu kumbuyo analizindikira, anangopatuka n'kukuwa kuti, "Pitani, achemwali, akakuoneni!"

Sindinama kuti onse anawadutsa. Atatu a njinga zoonda zija anali patsogolo ndithu. Koma poyandikira Chileka mpata unali utachepa moti ndinkatha kuwaona onse anayi ndi diso limodzi, ndipo lole yathu inali itaiwala ntchito yake yotola otopa, dalaivala akungotsata chitenje.

Potembenukira panali mgolo pakati pa msewu ndi bambo wa mbendera yofiira. Atatu aja anazungulira mgolo n'kubwerera. Bamboyo sanauzidwe kanthu za nkhani ya kabudula. Ataona a Nasibeko akubwera ndi liwiro lotero, anayamba kudumpha, akuloza mgolo ndi mbendera.

"Tembenukani, mayi! Apa, apa! Muwapeza!"

"Ndine wa ku Mwanza ine!" anakuwa a Nasibeko osacheuka.

Anadutsa mgolo uja molunjika, kusiya phula, n'kulowa mumsewu wafumbi wa ku Mpatamanga. Tinaona kafumbi kakutalikira mpaka kanabisika. A Chimwaza anali atavula chipewa.

Komiti ija inakumanadi, ndipo m'kabuku ka chaka chotsatira anawonjezera mzere wakuti mpikisano ndi wa amuna okha. Koma izo zinadza pambuyo.

Ife tinabwerera Lamulungu pa basi yomweyo, mphira za a Nasibeko zidakali pa paipi. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikawauze a Layisoni, osapezeka. Titafika pasiteji ya Mwanza ndinawaona onse awiri pansi pa mtengo uja, njinga itatsamira pambali. A Nasibeko anafika dzulo lake chakumadzulo, koma anati sangakwere kwa Kanduku asanatione kuti tafika bwino.

"Alangizi," anatero a Layisoni, "akuti patsogolo panatsala atatu. Ndi zoona?"

"Ndi zoona, bambo. Ndinaona ndi maso angawa."

"Ndinawafunsa kuti nanga bwanji simunawapeze. A Nasibeko, tawauzani alangizi zimene munandiyankha."

A Nasibeko anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi chala cha phazi. "Ndikanawapeza pa zitunda za Mpatamanga. Koma anabwerera panjira."

Tinaseka, a Dafuleni mpaka kugwira pamimba. Ine ndinasiya kuseka n'kuyamba kupepesa za nambala. Ndisanamalize, a Chimwaza anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kansalu koyera kopindidwa bwino. Nambala zonse zinkayenera kubwezedwa patebulo mpikisano ukatha, ndipo ya a Dafuleni anaibwezadi.

"Iyi ndinaiiwala m'thumba," anatero a Chimwaza, munthu amene sanaiwalepo ngakhale pensulo. "Akandifunsa ndikayankha ndekha."

A Layisoni anailandira ndi manja awiri. Anaitambasula, kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapempha mapini anga, anawauza akazi awo atembenuke, n'kuwaveka okha kumsana, akusalaza makona ndi chikhatho. A Nasibeko anagwira njinga, bamboyo anakhala pakaliyala n'kutambasula mwendo wake woumawo.

Anatiimbira belu n'kuyamba kukwera chitunda cha kwa Kanduku, nambala ili pamaso penipeni pa a Layisoni njira yonse ya kwawo.